Ola limodzi pa tsiku lokhala pandekha ndi buku

Kwathu kuno munthu wokonda kukhala payekha sitimumvetsa, ndipo kawirikawiri timamuganizira zoipa. Akadzitsekera m'chipinda dzuwa likuswa mtengo, wina amati akudwala, wina amati wakwiya, ena amangoti ndi wonyada kapena ali ndi zimene akubisa. Tinaleredwa ndi mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo sindikuutsutsa, chifukwa palibe amene anadzikumbira manda kapena kumanga banja popanda ankhoswe. Komabe ndafika poona kuti munthu amene sapeza ngakhale ola limodzi pa tsiku loti akhale phee payekha, awerenge kapena angosinkhasinkha, amafooka pang'onopang'ono m'thupi ndi m'maganizo momwe, ngakhale atazunguliridwa ndi abale omukonda.

Ola limenelo ndi lovuta kulipeza kuposa mmene ambiri amaganizira. Amene amakhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi akudziwa mmene zimakhalira: zipinda ndi ziwiri, muli ana, muli mlamu amene akusaka ntchito, muli mwana wa achemwali amene anabwera kudzaphunzira m'tauni, ndipo wailesi ya aneba imamveka ngati ili pabalaza panu. Loweruka lili ndi chinkhoswe kapena ukwati, Lamlungu lili ndi tchalitchi, kenako banki m'khonde, ndipo maliro sapangana ndi munthu. Kale timipata tina tinkapezeka tokha, monga podikira kuti minibasi idzaze, pamzere wa kubanki, kapena madzulo magetsi akazima. Masiku ano timipata tonseto foni inatilanda. Muli gulu la WhatsApp la banja, la mpingo, la anzathu a kusekondale, la zopereka za ukwati wa uje, ndipo lililonse likufuna yankho lero lomwe. Munthu amagula bandulo ndi ndalama imene akanagulira ndiwo, kuti aone anthu osawadziwa akuvina pa TikTok mpaka pakati pa usiku.

Ndisasokoneze zinthu ziwiri. Pali kusungulumwa kumene munthu sakusankha, monga kwa agogo otsala okha kumudzi ana onse ali ku Joni, kapena kwa mnyamata amene ali m'kachipinda ku Johannesburg wopanda womufunsa kuti wadzuka bwanji. Kumeneko ndi kudwala ndithu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli mu 2023, ndipo lipoti lake la mu 2025 linati munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko amavutika ndi kusungulumwa. Sindikuyamikira zimenezo. Ndikunena za munthu amene ali ndi anzake, amene amapita kumaliro ndi kukagona pasiwa monga mwa mwambo, koma amadzipatula kwa kanthawi mwa kufuna kwake. Choipa cha foni n'chakuti imatimana zonse ziwiri: sitikhala patokha, komanso sitikhala pamodzi, pakuti anthu anayi akhoza kukhala pamphasa imodzi aliyense atawerama pa yake.

Pa ola langalo ndimawerenga buku la pepala, ndipo ndimawerenga pang'onopang'ono. Kawerengedwe kameneka ndinakaona kwa agogo anga aakazi, amene sukulu sanapite nayo patali, ndipo m'nyumba mwawo munali mabuku awiri okha, Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo. Ankakhala pakhonde chakumadzulo, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera popanda mawu omveka. Akafika pa vesi lowakhudza ankatseka bukulo chala chili mkati, n'kuyang'ana kumunda kwa nthawi yaitali, kenako n'kubwerezanso vesi lomwelo. Baibulo limenelo linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, ndipo m'mabanja ambiri ndilo linaphunzitsa anthu kuti kuwerenga ndi kukhala pansi ndi mawu mpaka akulowe. Ife amene tinapita patali ndi sukulu timawerenga mawu ochuluka kwambiri pa tsiku kuposa agogowo, koma ndi ochepa amene amatsala m'mutu pofika mawa.

Vuto lina n'lakuti tinaphunzira kuwerengera mayeso. Lamulo lokhazikitsa National Library Service linaperekedwa mu 1967, ndipo malaibulale ake alipo ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, koma mukalowamo mupeza mipando yambiri yatengedwa ndi achinyamata okonzekera MSCE ndi akuluakulu olimbana ndi mayeso a akaunti, aliyense ali ndi manotsi ake obwera nawo kunyumba. Sindikuwanyoza, popeza malo abata ndi osowa ndipo satifiketi ndiyo imatsegula zitseko za ntchito. Chondimvetsa chisoni n'chakuti mayeso akatha kuwerenganso kumathera pomwepo. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi, ndipo dziko lonse linadandaula, koma mabuku amene amangodyedwa ndi chiswe m'makatoni pansi pa mabedi athu palibe amene amawalira.

Amene amagulabe mabuku atamaliza sukulu nthawi zambiri amagula a mtundu umodzi, aja oyalidwa m'mbali mwa misewu ndi pakhomo pa masitolo, olonjeza kuti adzakuphunzitsani kulemera, kutsogolera anthu ndi kupambana pa chilichonse. Ena mwa iwo ali ndi mfundo imodzi yabwino imene ikanakwana pa tsamba limodzi, koma yatambasulidwa mpaka masamba 200. Ambiri analembedwera munthu wa dziko lina, amene ali ndi malipiro okwanira ndipo sasamala abale khumi. Amati chinsinsi cha chuma ndi kudzuka 5 koloko m'mawa, chonsecho mayi wokazinga mandasi amadzuka tambala woyamba asanalire chaka ndi chaka, ndipo sanalemere. Chimene sindigwirizana nacho kwenikweni n'chakuti mabukuwa amamusiya munthu ali ndi phuma, akudziona wotsalira, pamene munthu wotopa amafunika choyamba kudekha. Ine zimene zandithandiza ndi nkhani zopeka zazitali, mbiri ya dziko lathu ndi ya mayiko ena, ndiponso ndakatulo, chifukwa zimandikakamiza kulowa m'moyo wa munthu wina kwa masiku angapo, ndipo ndikatulukamo ndimapeza kuti mkangano umene unandisowetsa tulo kuntchito waoneka waung'ono.

Nkhani ya thanzi ikulowa pompano. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP sichenjeza. Munthu amayenda bwinobwino manambala ake atadutsa 140/90, mpaka tsiku limene wagwa m'bafa n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo pamudzi pamayamba kunong'onezana za amene wamulodza. Malangizo opewera ndi odziwika: mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe sadzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi, thupi ligwire ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo munthu wamkulu agone maola 7 kapena kuposerapo. Kuwerenga si mankhwala, ndipo amene anapatsidwa mapiritsi a BP kapena a shuga apitirize kumwa monga anauzidwira kuchipatala. Koma malangizo onsewa amafuna munthu woti wakhala pansi n'kudziyang'ana. Ndi pa nthawi ya bata pamene umazindikira kuti mutu wakhala ukukupweteka chakunkhongo kwa masabata, kuti umathira mchere m'ndiwo usanalawe, kuti chipisi cha pachiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi zasanduka nkhomaliro ya tsiku lililonse, ndiponso kuti tulo tako tinathawa kuyambira pamene unayamba kugona ndi foni pamtsamiro.

Kusintha zimenezi kumafuna kulimba mtima, chifukwa anthu otizungulira, ngakhale otifunira zabwino, amatikokera kwina. Kwathu kunenepa ndi chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda, ndipo mimba ikatuluka anzako amakutcha bwana. Ukayamba kutsika thupi, anthu amakuyang'ana ndi diso lija tinaliphunzira m'zaka zimene Edzi inkatha anthu, ndipo azakhali amakutengera pambali n'kufunsa kuti, “Mwanawe, ukupeza bwanji m'thupimu?” Ukatsika minibasi siteji imodzi usanafike kwanu kuti uyendeko pansi, wakabaza amakulondola akuliza belu, ndipo mnzako wa galimoto amaima n'kukukakamiza kukwera, poganiza kuti ndalama yakuthera. Munthu amene maganizo ake onse amawatenga pagulu sangapirire zimenezi kwa mwezi umodzi. Amapirira ndi amene anakhalapo payekha n'kutsimikiza mumtima chimene akufuna.

Ola langa ndimalitenga m'mamawa nyumba isanadzuke, foni ili m'chipinda china, tiyi wopanda shuga wambiri ali pambali. Masiku ena sindiwerenga n'komwe, ndimangotuluka kukayenda msewu usanadzaze fumbi. Poyamba a m'nyumba ankadabwa, ndipo mwana wanga wamng'ono atandipeza ndi buku lalikulu anandifunsa kuti, “Adadi, kodi inunso mukulemba mayeso?” Funso limenelo linandionetsa zimene ana athu amaphunzira kwa ife pa nkhani ya mabuku. Kukagwa zovuta pamudzi kapena mlendo akafika kuchokera kutali, buku limadikira, ndipo sindiona kuti ndataya kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene abambo okonda kuwerenga sitikonda kuchitchula. Bata limene timakhala nalo nthawi zambiri limagulidwa ndi ntchito ya munthu wina. Pamene bambo ali pampando ndi buku, mayi ali pambaula kutenthetsa madzi osamba, kuphika phala la ana ndi kusita mayunifolomu, ndipo madzulo akaweruka kuntchito kwawo amayambanso ina ya pakhomo mpaka mbale yomaliza itatsukidwa. Azimayi ndi amene amasowa kwambiri ola lokhala paokha, ndipo mayi akangodzitsekera m'chipinda ana amagogoda pasanathe mphindi zisanu. Kwathu tinagwirizana kuti Lamlungu masana, tikabwera kutchalitchi n'kudya, ana ndi mbale zimakhala zanga, ndipo mayi a ana amalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Nthawi zina amawerenga, nthawi zina amangogona, ndipo akatuluka sindiwafunsa kuti achita chiti.