Madzi ofunda a agogo a ku Yuexiu

Ndinachoka ku Lilongwe nditavala majuzi awiri, poti unali mwezi wa July. Nditatera ku Guangzhou, mzinda wa ku China, kudzera ku Addis Ababa, ndinamva ngati ndalowa m'khitchini momwe akuphika nsima ya paukwati. Mpweya wake ndi wachinyezi, thukuta siliuma, malaya amangomatirira kumsana. Ngakhale a ku Nsanje, kumeneku mukadandaula.

Za kuoda katundu ndidzalemba tsiku lina. Lero ndinene za m'mawa wa tsiku lachitatu.

Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6, ndiye usiku wonse maso anali gwa, mutu uli pa mitengo ya nsapato ndi ndalama zotumizira katundu. Kutangocha ndinati bola ndikawongole miyendo. Ndinkagona ku Xiaobei, komwe Aafirika ambiri a geni amafikira, ndipo Yuexiu Park ndi pafupi, wapansi umafika. Kulowa n'kwaulere. Panjira ndinagula botolo la madzi ozizira kwambiri pa 2 yuan.

Pansi pa mitengo ndinapeza achikulire ngati khumi ndi asanu akukweza manja pang'onopang'ono ngati akukankha thambo. Panalibe wothamanga, panalibe wolamula. Ndinakhala pabenchi n'kutsegula botolo langa. Ndisanamwe, agogo ena aakazi anachoka pamzere, kundigwira dzanja, n'kupukusa mutu. Anatsegula fulasiki yawo n'kundithirira madzi ofunda m'chivindikiro. Kutentha konseku, madzi ofunda! Koma wamkulu akakupatsa chinthu ndi manja awiri sukana.

Mdzukulu wawo, mtsikana wodziwa Chingerezi, anabwera akuti “Ayi, ayi.” Ndinayesa akundiletsa kumwa. Pambuyo pake ndi pomwe ndinadziwa kuti m'Chitchaina ayi ndi mawu aulemu oitanira mayi wa msinkhu wa amayi ako.

“Agogo akuti nkhope yanu yafiira ndipo simunagone,” anatero. “Akuti mtima wanu uli ndi moto.”

Anandilongosolera kuti mu zamankhwala zamakolo awo nyengo iliyonse ili ndi chiwalo chake, ndipo nyengo yotentha ndi ya mtima, womwe amauyerekeza ndi moto. Moto ukachuluka, iwo amati munthu sagona, sachedwa kupsa mtima, mkamwa mumatuluka zilonda. Madzi oundana amati amazizitsa m'mimba n'kufooketsa kagayidwe ka chakudya. Buku lawo lakale la Huangdi Neijing, la zaka zoposa 2,000, limalangiza kuti m'miyezi imeneyi munthu azilawirira kudzuka ndipo asamasunge mkwiyo.

Zimene achikulire aja ankachitazo ndi qigong, masewera olimbitsa thupi ochita modekha, mtundu wotchedwa Baduanjin, wa magawo 8. Agogowo anandikokera pamzere pa gawo lachisanu, lomwe dzina lake limatanthauza kupukusa mutu ndi kugwedeza mchira pochotsa moto wa mumtima. Umatangadza miyendo, kupinda mawondo ngati wakwera hatchi, manja pantchafu, kenako kuweramira mbali imodzi n'kuzungulira modekha kupita inayo. Ntchafu zanga zinanjenjemera. Nthawi zonse ndikafulumira, ankandigunda paphewa ndi chala kuti ndichepetse. Akuti nyengo ino thukuta lingotuluka pang'ono, osati kuchita kuyenderera, chifukwa kwa iwo thukuta ndi madzi a mtima. N'chifukwa chake amachita m'mamawa, pamthunzi.

Pomaliza anandiphunzitsa kutulutsa mpweya ndi liwu lakuti he, lochokera pakhosi ngati ukupumira pagalasi kuti ulipukute. Ndi limodzi mwa mawu 6 a njira ya kapumidwe yotchedwa Liuzijue, ndipo limeneli ndi la mtima. Tinabwereza kasanu ndi kamodzi. Mapewa anga, omwe anali ali m'makutu chichokere kunyumba, anatsika.

Chimene chinandiwawa n'chakuti m'paki monsemo munali nkhalamba zazaka 70 kapena 80 zili ndi poti zikumanirane m'mawa uliwonse, kwaulere, pansi pa mitengo yosamalidwa. Ndinaganiza za amayi anga, omwe chipumireni pantchito amangokhala pakhonde ndi wailesi. M'matauni mwathu malo otere tinawagawa kukhala mapuloti.

Mukapita nyengo imeneyi, nyamulani malaya a thonje ndi ambulera, poti mvula imagwa mosayembekezereka. Sitima ya pansi imayambira 2 yuan. Masana, pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko, ndi nthawi imene iwo amati ndi ya mtima, ndipo ambiri amagonako pang'ono. Musakwiye mukapeza wogulitsa atatsamira pakauntala. Lawaninso liangcha, tiyi wa zitsamba wowawa ngati nimu, ndi phala lamadzimadzi la mphodza.

Ndinabwererako m'mawa uliwonse mpaka tsiku lonyamuka. Tsiku lomaliza agogowo anandibweretsera kapu yangayanga, ndipo nditafika pa gawo lachisanu sanandigunde paphewa.