Sikuti timangozula mano basi ayi

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya mano kuchipatala amangoti "eee inu ozula mano aja". Lolemba zinalidi choncho, mzere kuyambira 7 koloko ndi kuzizira kwa Mzuzu kuja, aliyense atagwira tsaya, ndinazula mpaka mkono kuwawa.

Koma Lachiwiri ndi lomwe landikhala pamtima. Kunabwera mayi ena ochokera ku Nkhata Bay ndi kamnyamata ka zaka 7, tsaya lotupa ngati kabisa ndimu mkamwa, eti zangoyamba masabata atatu apitawa. Mayiwo amvekere "adokotala ingochotsani dzinolo tizipita, minibasi itisiya". Nditayang'ana, mano atatu akugwedera koma palibe lobooka olo limodzi, mtima wanga unangoti myuu. Chotupa chokula msanga choncho pansagwada ya mwana timaganizira Burkitt lymphoma, khansa yomwe Denis Burkitt anayifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo imakonda madera a malungo ambiri ngati kunyanja komweko. Ubwino wake imamva mankhwala ikapezeka msanga, ndiye kuzula dzino pamenepo nkungotayitsa mwana nthawi. Ndinawatumiza kwa madokotala a ana tsiku lomwelo, mayi aja anatuluka akung'ung'udza kuti ndawamana thandizo.

Lachitatu agogo ena, chilonda pansi pa lilime miyezi inayi osapola, m'mphepete mwake mouma gwa. Ndikawafunsa za fodya akukana, chonsecho kabotolo ka chingambwe kakuonekera pamfundo ya chitenje, ndinaseka ndithu. Adokotala athu anadulapo kanyama kochepa ngati njere ya chimanga, kuponya m'kabotolo ka formalin (mankhwala oteteza kanyamako kuti kasawole), ulendo wa ku Lilongwe. Ku labu kumeneko kuli akatswiri omwe odwala athu sadzawaona nkomwe, amaseta kanyamako mopyapyala, kukapaka utoto nkukaika pa maikulosikopu, ndi omwe amanena ngati ili khansa kapena ayi. Ife kuno timangoganizira, mlandu amagamula ndi iwowo.

Lachinayi magetsi anatizimira, panalibe chochita chenicheni.

Lachisanu ndi pomwe zotsatira za bambo ena a ku Chibavi zinafika kuchokera ku labu, chotupa chotchedwa ameloblastoma, si khansa koma imadya fupa la nsagwada pang'onopang'ono mpaka pamafunika opareshoni yodula mbali ya fupalo. Nambala yomwe anasiya ndayimba kanayi konse, siikupezeka. Lolemba ndiyesanso, zikakanika ndikwera kabaza ndikawafunse kwa amfumu a kumeneko.