Maselo a ntchentche pa madigiri 37

Lolemba ndi Lachiwiri ku labotale zinali za masiku onse: kugawa maselo a S2, kusintha medium (madzi achakudya omwe maselo amakuliramo), kupaka puloteni ya concanavalin A pa timagalasi kuti maselo akakhalapo ayalike bwino. Maselo amenewa, amene Imogene Schneider anawatenga ku miluza ya ntchentche ya Drosophila mu 1972, ndi osavuta kuweta. Za CO2 alibe nazo ntchito. Chawo ndi madigiri 25 basi.

Ife tikulimbana ndi Moesin, puloteni amene amalumikiza khungu la selo ku ulusi wa actin, umene umalimbitsa selo m'kati. Anthufe tili nawo atatu a mtunduwu, ezrin, radixin ndi moesin, pomwe ntchentche ili ndi mmodzi yekha. Ukamuzimitsa ndi dsRNA (RNA yoletsa selo kupanga puloteni amene wasankha) palibe wina womugwirira ntchito, n'chifukwa chake timakonda maselo a ntchentche. Selo likamagawikana limayenera kulimba n'kubulungira, koma Moesin akasowa khungu limafewa, limatutumuka matuza, spindle (timaulusi togawa makromozomu) n'kumangopendama. Zimenezi ndi zomwe ndimafuna kujambula Lachinayi, dsRNA atagwira kale ntchito yake.

Lachitatu m'mawa nditatsegula inkyubeta, mpweya wofunda unandiwomba kumaso. Kuyang'ana nambala, 37. Pa maikulosikopu maselo anali atakwinyika, zidutswa zikungoyandama. Ngakhale otsalawo analibenso phindu, pakuti kutentha pakokha kumasokoneza actin. Ukaona matuza unena kuti wachita ndi Moesin kapena moto?

Wapotokola kutentha kwa inkyubetayo ndi wophunzira watsopano wa gulu lina, amene anaikamo maselo a munthu, omwe amafuna madigiri 37. Iyeyo sindimuimba mlandu, anauzidwa kuti malo ndi omwewo. Mlandu ndi wa mabwana. Inkyubeta ya anzathuwo inafa kalekale, ndipo m'malo moikonzetsa anati tizibwerekana, ati kupulumutsa ndalama. Tinawauza pamsonkhano kuti maselo a ntchentche ndi a munthu sagona nyumba imodzi. Anangogwedeza mitu. Nanga seramu yodyetsera maselo, nanga mankhwala opangira dsRNA amene tataya, n'zaulere?

Lachinayi nthawi yanga yojambulira pa maikulosikopu ya confocal ndinapatsa ena. Lachisanu ndinatulutsa maselo ena amene timasunga oziziritsa mu nayitirojeni, koma amenewa amachedwa kudzuka, ndiye kuzimitsanso Moesin kudikira kaye mpaka atachira. Pakadali pano mabotolo ndawasunga m'kabati ya m'chipinda chozizirirapo, ndaikamo ndi thermometer. Kalata yanga yodandaula yayankhidwa madzulo ano: akuti ndikadzaze fomu yopempha kukonza zipangizo, fomu yomweyo imene anzathu aja anadzaza inkyubeta yawo itangofa.