Chala cha munthu pa mkanjo wa Michizane

Lachitatu m'mawa ndinapeza chidindo cha chala pa mkanjo wa chosema cha Michizane, ndipo mpaka lero mtima sunatsike pansi. Sabata yonseyi tinali pa katundu wa ku Japan, kukonzekera okushoni ya kumapeto kwa mwezi kuno ku London. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kumasula mabokosi, kujambula, kulemba malipoti. Ma inro (timabokosi tovala m'chiuno) asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo wina anawapakapo vanishi wa shellac kalekale, nyale ya UV inangowaulula ndi kuwala kwa lalanje kuja. Palibe chachilendo.

Chosema chimene chandisowetsa tulochi ndi cha mtengo, chokutidwa ndi urushi wakuda, utomoni wa mtengo umene Ajapani amapaka ngati vanishi, chotalika masentimita 30, cha kumapeto kwa nyengo ya Edo, imene inatha mu 1868. Mkuluyo wakhala pansi, wagwira shaku, kandodo ka nduna za mfumu, pachifuwa pali duwa la ume (plamu wa ku Japan) la ufa wa golide. Chinafika m'bokosi lake la mtengo wa kiri chilibe banga, ndipo lipoti la Lolemba ndinasaina ndine.

Sugawara no Michizane anabadwa mu 845, anali katswiri wa maphunziro ndi ndakatulo, anakwera mpaka kukhala nduna yaikulu mu 899. Nduna inzake, Fujiwara no Tokihira, inamudyera miseche kwa mfumu, mu 901 nkumuthamangitsira ku Dazaifu pa chilumba cha Kyushu, komwe anamwalira mu 903. Pambuyo pake maliro anachuluka pakati pa adani ake, mu 930 mphezi inagwa panyumba ya mfumu, anthu nkuti mzimu wake wakwiya. Anamumangira kachisi ku Kitano, mu Kyoto, namutcha Tenjin, ndipo mpaka pano ana a sukulu amakapempha mwayi kumeneko mayeso akayandikira. Za mzimu wolakwiridwa wofuna kupepesedwa ife sitizidabwa, tinakula nazo.

Makina athu opereka chinyezi anafa mu Novembala. Ndalemba katatu kupempha kuti awakonze. Januwale uno mahita akuyaka usana ndi usiku, mita ikuwerenga 31 peresenti pamene timafuna 50 mpaka 55. Mtengo wam'kati ukauma umanyala, chikopa cha urushi sichitsatira, ndiye chimatukuka. Ndi chifukwa chake chosemacho ndinachisiya m'bokosi lake, m'kabati.

Lachiwiri madzulo nditaweruka, kunabwera wogula wa ndalama zake. Bwana anatuma mnyamata wa ganyu, wa ku ejensi, poti antchito okhazikika onyamula katundu anawachepetsa chaka chatha. Mwanayo anachitulutsa ndi manja opanda magolovesi, anaona fumbi paphewa nkupukuta ndi kansalu konyowa, kenaka anachiika pawindo pamwamba pa hita kuti mlendo aone bwino golide. Chinagona pomwepo.

Anthu amamva kuti urushi saopa madzi, Ajapani amamwera msuzi wotentha m'mbale zake. Zoona, koma ndi wosawonongeka. Amene waona kuwala zaka zambirimbiri amang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo madzi kapena thukuta zikangomukhudza zimasungunula pamwamba pake. Paphewa panatsala mkwasa wotuwa, pamkanjo chala chachikulu chonse ndi mizere yake, ndipo pa mkono wakumanzere kachibenthu konga chikhadabo kanali katayimirira.

Nditawaitana bwana anayang'ana, nkuti, “Simungangopakapo phula kuti pawale?”

Ndinati, “Bwana, chidindochi sichili pamwamba ayi, chadya mkati. Phula lingobisa lero, mawa wokonza weniweni adzatitukwana.”

Kenaka anafunsa ngati nkofunikadi kuti lipoti la ogula litchule zimenezi. Apo mpamene ndinatentha. Ndinawauza kuti dzina lili pansi pa lipotilo ndi langa, ndipo ndilemba zimene maso anga aona, ndi tsiku lake. Sanayankhe. Masana ndinamva kuti auza a ku ejensi kuti mnyamata uja asabwerenso. Mwana amene palibe anamuuzapo kuti magolovesi amakhala m'dirowa iti.

Lachinayi lonse linathera pa kachibenthu kaja. Ndinakafewetsa pang'onopang'ono, kulowetsa guluu wa nsomba pansi pake ndi kaburashi, nkukapanikiza ndi timitengo ta nsungwi, njira ya shimbari ija. Kanagona bwino, ndipo pamenepo ndikudzitama, simungapaone pokhapokha mutauzidwa. Chidindocho sindinachikhudze. Chimafuna munthu wodziwa kudyetsa urushi watsopano m'ming'alu ija, ndi kabati ya chinyezi youmitsiramo, poti utomoni umenewu umalimba ndi chinyezi osati ndi mphepo. Ife tilibe kabatiyo, ndipo ine urushi wamuwisi ndinaukhudzapo kamodzi pophunzira, mikono inatupa ndi kuyabwa kuposa chitedze kwa masabata awiri. Mtengo umodzi wa urushi umatulutsa magalamu 200 okha pa nyengo yonse kenaka nkudulidwa, ndiye muganize kuchuluka kwa ntchito imene inawonongeka ndi kansalu kamodzi.

Lachisanu ndinamaliza malipoti a ma inro, kulongedza mbale ziwiri zopita ku Paris, ndi kubwezera Michizane m'bokosi lake la kiri, silica gel, timikanda tosunga chinyezi pamlingo umodzi, pambali. Fomu yopempha kukonza makina a chinyezi ndaitumiza kachinayi, ulendo uno ndaphatikizapo chithunzi cha chala chija.