Milu itatu yotsala pamphasa

Kwa masabata atatu ndakhala ndikulakwa funso limodzi lomweli la kusukulu, ndipo dzulo ndili pakhonde kwathu kuno ku Kasungu m'pamene mutu unatseguka. Funsolo linali lokhudza mtsikana wosadwala amene mlongo wake ali ndi matenda a sickle cell (matenda a magazi otengera kwa makolo), ndipo akufuna kukwatiwa ndi mnyamata wochokera kubanja limene mulibe mbiri ya matendawa. Tinauzidwa kuti tiyerekeze kuti m'dera lawo munthu mmodzi mwa 10 alionse ndi AS, kutanthauza kuti anatengera jini yabwinobwino (A) kwa kholo limodzi ndi jini ya matendawa (S) kwa kholo linalo koma sadwala, kenako tipeze chiopsezo chakuti mwana wawo abadwe ali SS, ndiye kuti wotengera S kwa makolo onse awiri, yemwe amadwala matendawa.

Nthawi zonse ndinkapeza 1/80, chifukwa mtsikanayo ndinkamupatsa mwayi wa 1/2 wokhala AS monga momwe bokosi la Punnett, loonetsa zimene ana angatengere kwa makolo, limaonetsera. Dzulolo ndinatapa mtedza umene amayi ankasenda pamodzi ndi nyemba zochepa, mtedza kuimira A, nyemba kuimira S, n'kuika milu inayi pamphasa, mulu uliwonse wa njere ziwiri: umodzi wa AA, iwiri ya AS ndi umodzi wa SS, poganiza kuti makolo onse a mtsikanayo ndi AS. Nditaloza mulu wa nyemba zokhazokha ndinazindikira kuti mtsikanayo sangakhale pamenepo, popeza tikudziwa kale kuti sadwala. Ndinauchotsa muluwo, panatsala itatu, ndipo iwiri mwa itatuyo inali ndi nyemba. Choncho iye ndi 2/3, osati 1/2, ndipo tikachulukitsa 2/3 ndi 1/10 ya mnyamatayo komanso 1/4, womwe ndi mwayi woti makolo awiri a AS abereke mwana wa SS, yankho limabwera 1/60. Sindinaphunzire lamulo latsopano ayi, chimene chinasintha n'chakuti zomwe tikudziwa kale za munthuyo zinachotsa mulu umodzi.

Kunena zoona, ndikuona kuti njira ya mtedzayi imaposa chilichonse chimene ndinakopera m'kope. Ngakhale masamu a Hardy ndi Weinberg a mu 1908, owerengera kufala kwa majini pagulu la anthu, anayamba kumveka, pakuti ngati mwana mmodzi mwa 400 amabadwa SS, q (kufala kwa S) ndi 1/20, ndipo 2pq (gawo la anthu a AS, p kukhala kufala kwa A) imafika pafupifupi 1/10 yomwe ija.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu analemba 2/3 pabolodi, natiuza kuti tingoloweza chifukwa nthawi ya mayeso yayandikira, ndipo mnzathu wina atafunsa kumene nambalayo yachokera, anayankhidwa kuti akawerenge yekha. Silabasi ndi yaitalidi, koma kuchotsa mulu umodzi sikutenga ngakhale mphindi ziwiri.

Komabe pali pamene mtima wanga sunakhazikike. Masamu a Hardy ndi Weinberg amaganiza kuti anthu amakwatirana mwachisawawa, pomwe kumidzi yathu ukwati wa pachisuweni si wachilendo, ndipo mwamuna akakhala msuweni, 1/10 ija singagwirenso ntchito chifukwa awiriwo agogo awo ndi amodzi. Ndayesa kuyala mibadwo itatu pamphasa yomweyo, koma milu ikundisokonekera ndikafika pa amalume. Ndiponso nditakumana ndi mtsikana weniweni wotere, ndikukayika ngati 1/60 ingamuthandize kwenikweni, kapena ndingangomulangiza kuti onse awiri akayezetse magazi.