Sabata yosaka udzudzu ku Angónia

Tinanyamuka mumzinda wa Tete Lolemba dzuwa lisanatuluke, kuthawa kutentha. Titawoloka Zambezi tinadutsa pa Moatize, kenako n'kupatukira msewu wa ku Ulongwe, ndipo pofika kumtunda ndinali nditavala juzi. Ntchito yanga ndi yogwira udzudzu. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi imene imandidyetsa.

Lachiwiri tinayamba 4 koloko m'bandakucha, amfumu atachenjeza kale anthu awo. Timalowa m'nyumba ndi tochi komanso kachubu koyamwira pakamwa, kokhala ndi kansalu mkati kuti munthu usameze zimene wagwira. Udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, suvuta kuuzindikira: mapiko ake ndi amathothomathotho, ndipo umatera utatukula kumbuyo ngati ukufuna kuboola khoma ndi mutu. Timauika m'makapu a pepala ophimba ndi kachidutswa ka neti, pamwamba thonje lonyowetsa ndi madzi a shuga.

M'nyumba ina agogo aakazi anandiyang'ana nditagwada kuseri kwa mtsuko, nati, "Mwanawe, maneti anu aja udzudzu unawazolowera. Umangoterapo ngati pamphasa."

"Agogo, mwaona bwino," ndinatero, "koma sikuti unazolowera ayi."

Mawu akuti kuzolowerawa ndimalimbana nawo kulikonse. Udzudzu umodzi umakhala masabata ochepa chabe, ulibe nthawi yozolowera mankhwala. Zoona zake n'zakuti udzudzu wa dambo limodzi subadwa wofanana, monganso ana a mimba imodzi. Wina wochepa umabadwa ndi thupi lotha kuphwanya mankhwala asanauphe. Neti ikapachikidwa m'nyumba iliyonse, imagwira ntchito ya lichero: wosalimba uja umapetedwa n'kutayika, wotsalawo ndi umene umaikira mazira. Pakapita mibadwo yambiri, dambo lonse limadzaza ndi zidzukulu za wotsala uja. Agogowo anamvetsa msanga za lichero. Vuto linabwera nditatchula majini, tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, chifukwa bambo wina amene ankamvetsera pakhomo anafunsa ngati ndikunena ziwanda. Kuyambira pamenepo ndimangoti chibadwa.

Zimenezi zinaonekera poyera ku KwaZulu-Natal. Mu 1996 dziko la South Africa linasiya kupopera mankhwala a DDT m'nyumba n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid, omwenso amanyikira maneti. Pofika 1999 ndi 2000 malungo anabuka kwambiri, ndipo anapeza kuti udzudzu wa Anopheles funestus, umene unali utasowa kumeneko, unabwerera uli wosamva mankhwala atsopanowo, ngati wa kummwera kwa Mozambique. Pambuyo pake akatswiri, kuphatikizapo a Charles Wondji a ku Liverpool School of Tropical Medicine, analoza jini yotchedwa CYP6P9a, imene imachititsa thupi la udzudzu kupanga mphamvu yambiri yophwanyira mankhwalawo. Kuno kwathu ku Mozambique ndi ku Malawi jini yamtunduwu inafala kwambiri mwa funestus.

Lachitatu ndi Lachinayi m'mawa tinali m'madambo, kutunga mphutsi ndi zikho. Malo amasankha mtundu wake. Funestus umakonda madzi okhalitsa a udzu ndi mthunzi, n'chifukwa chake umapitiriza kupereka malungo ngakhale m'chilimwe. Anopheles arabiensis umaswana m'zithaphwi za padzuwa, ngakhale m'mapondedwe a ng'ombe, umapirira malo ouma ngati a kuchigwa cha Zambezi, ndipo umaluma ng'ombe ndi anthu omwe, nthawi zambiri panja. Wotere neti imaupeta pang'ono. Ndinaonanso mabotolo a mankhwala opopera mbewu atatayidwa m'mbali mwa madimba a mbatatesi ndi tomato. Ena mwa mankhwalawo ndi a gulu limodzi ndi a m'maneti, ndiye kupetako kumatha kuyambira m'madzi, udzudzu usanamere mapiko.

Lachinayi masana tinayesa udzudzu umene mnzanga anaulera kuchokera ku mphutsi za masabata apitawo. Malamulo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati aakazi 25 m'chubu chilichonse, akhale ola limodzi pa pepala lonyikidwa mankhwala, kenako uwasamutse n'kudikira maola 24. Akafa osakwana 90 pa 100 alionse, ndiye kuti udzudzu wa pamalopo wayamba kusamva mankhwalawo.

Usiku womwewo nyerere zinatichita chipongwe. Tinaiwala kuika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi, ndipo m'mawa wa Lachisanu makapu awiri a udzudzu wa m'nyumba zija munali mapiko okhaokha. Ntchito yodzukira 4 koloko ija, zinadya nyerere. Mwamwayi machubu oyesera anali patebulo lina. Titawatsegula madzulo, wa m'chubu chopanda mankhwala unali moyo monga mwa nthawi zonse, koma wa m'machubu a deltamethrin, mankhwala a gulu la pyrethroid lija, wambiri unalinso ukuuluka bwinobwino.

Wamoyo ndi wakufa yemwe tinaulongedza umodziumodzi m'timachubu tokhala ndi silika woumitsa kuti ukayezedwe DNA ku labotale. Popanda zimenezo sungasiyanitse arabiensis ndi mtundu wina wotchedwa gambiae, amafanana ngati mapasa.

Loweruka tisananyamuke ndinadzera kwa agogo aja kukatsanzika. Anandifunsa ngati neti yawo aitaye. Ndinati ayi, imatchingabe, ndipo maneti ena atsopano amawonjezeramo PBO, mankhwala amene amafooketsa mphamvu yophwanyira ija. Yawoyo inali ndi bowo lolowa chibakera cha kumiyendo, ndipo tinasokera limodzi pakhonde dalaivala akuliza hutala.