Kufukula nkhani yoiwalika pa intaneti ndi kuitulutsa isanathe

Ndikafuna kubweza nkhani yanga yopeka imene inkatuluka chaputala ndi chaputala pa intaneti kenako n'kuiwalika, sindithamangira kuiwerenga. Ndimayamba ndaisonkhanitsa yonse, chifukwa ukangoyamba kuwerenga dzanja limayabwa kufuna kukonza, zolemba zoyambirira n'kutayika usanazisunge.

Ndimayambira pafupi: m'maimelo akale, pa flashi ndi pa kompyuta yakale. Pofufuza ndimalemba dzina la mtengambali, osati mutu wa nkhani, poti mutu timausinthasintha koma dzina la mtengambali limakhalitsa.

Ngati malo amene nkhaniyo inkatulukira anatsekedwa, monga GeoCities inatsekedwa mu 2009, ndimapita ku Wayback Machine ya Internet Archive, nkhokwe yosunga makope a masamba akale a pa intaneti, n'kulembamo adiresi yakaleyo. Pamabwera kalendala yokhala ndi timadontho. Tabuluu tikusonyeza kuti tsikulo zolembazo zinasungidwa bwino, tobiriwira tikusonyeza kuti adiresi inkakutumiza kwina, pomwe taolenji ndi tofiira ndi ta masiku amene panali vuto. Sindidalira kadontho komaliza. Nthawi zambiri ako kanasunga uthenga wotseka kapena malonda a amene anagula adiresiyo, choncho ndimabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka nkhani itaoneka. Kuika nyenyezi (*) kumapeto kwa adiresi kumaonetsa zonse zimene zinasungidwa pansi pake, ndipo machaputala osowa amapezekera pamenepo. Zimene zinkafuna pasiwedi kuti uwerenge sizinasungidwe, musataye nazo nthawi. Izo n'zofunsa kwa amene ankawerenga kapena kulemba nawo.

Chaputala chilichonse ndimachisunga pachokha ngati fayilo ya .txt, dzina lake likuyamba ndi nambala ya manambala awiri: 01, 02, 03. Ukalemba 1, 2, 3, mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2, nkhani n'kusokonekera. Ndimalembanso tsiku limene chinatuluka. Foda imeneyi ndimaikopera malo awiri ndipo sindiikhudzanso. Ntchito yonse ndimachitira pa kope lina.

Vuto lofala ndi la zilembo. Mupeza ng’ombe yasanduka ngâ€™ombe, ŵ yasanduka Åµ. Apa sikuti fayilo yaonongeka ayi. Inalembedwa mu UTF-8, njira imodzi imene kompyuta imasungira zilembo, koma ikuwerengedwa ngati Windows-1252, imene ndi njira ina. Itseguleninso mutasankha UTF-8 musanasunge chilichonse, chifukwa mukasunga ili choncho zilembo zolakwikazo zimakhazikika, n'kuyamba kuzisintha chimodzichimodzi.

Zikatero m'pamene ndimawerenga, ulendo umodzi, cholembera chili pansi. Ulendo wachiwiri ndimalemba papepala atengambali, zimene aliyense akufuna ndi mafunso amene nkhani inasiya osayankha. Ndimakonza masipelo ndi malo pamene dzina la munthu linasintha mwangozi, basi. Ziganizo zimene lero zikundichititsa manyazi ndimazisiya, chifukwa ukalembanso chaputala choyamba ndi luso la lero, chachiwiri chimamveka ngati cha munthu wina, ndipo ntchito yokonza siidzatha.

Ndisanaitulutse ndimaona zinthu ziwiri. Ngati tinkalemba angapo, gawo la mnzanga ndi lake, ndipo popanda chilolezo chake cholembedwa ndimangofotokoza mwachidule zimene zinachitika m'gawolo. Chachiwiri, magazini ambiri amaona nkhani imene ili poyera pa intaneti ngati yosindikizidwa kale, ndiye amene akufuna kudzaitumiza kwa akonzi angopatsa anthu ochepa mwamseri.

Pamwamba pa nkhani ndimanena zoona zokhazokha: chaka chimene inalembedwa, machaputala amene alipo, ndi kuti siinathe. Sindilonjeza tsiku lomaliza ngati ndilibe nalo. Owerenga amapirira nkhani yosatha akadziwiratu. Chimene chimawawawa ndi kufika pakati n'kupeza kuti palibenso china. Ngati mathero ndinawakonza kale m'mutu, ndimawalemba m'ndime imodzi pansi penipeni, nditachenjeza kaye kuti wosafuna kuwadziwa asawerenge pamenepo.